Pulayala yopotera waya wa mabawuti: yotchipa, ya Milbar, ndi imene ndingakulangizeni kugula

Pa injini ya ndege, ndiponso pa njinga yamoto kapena galimoto yampikisano, pali mabawuti ena amene sayenera kumasuka ngakhale pang'ono, chifukwa akangotero oyilo amatayika yense, mabuleki amaleka kugwira, kapena chitsulo chofunika chimaguluka makinawo ali pa liwiro. Mabawuti otere amakhala ndi kabowo pamutu, ndipo makaniko akamaliza kuwamanga amapisamo waya wosachita dzimbiri, n'kumupota, n'kumukokera ku bawuti ina kapena ku chitsulo chosasuntha, m'njira yakuti bawutiyo ikafuna kubwerera m'mbuyo wayayo azikungika kwambiri. Waya ameneyu, amene pantchito timamutcha safety wire kapena lockwire, sawonjezera mphamvu ya kamangidwe ka bawuti, ndipo salowa m'malo mwa torque wrench, sipanala yoyezera mphamvu yomangira bawuti. Ntchito yake ndi imodzi yokha, yoletsa bawuti kuzungulira mpaka kugwa pamene kunjenjemera kwa makina kwaifooketsa.

Munthu akhoza kupota wayayu ndi manja, ndipo amisiri ena akale amakondabe kutero, koma amene amagwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku amagula pulayala yopangidwira zimenezi. Imaoneka ngati pulayala wamba, kupatula kuti ili ndi loko wotseka zogwirira zake ikaluma waya, komanso pakati pake pamadutsa kachitsulo kakatali ka mazinga otalikirana kokhala ndi kamutu kumapeto. Mukaluma mawaya awiri (mbali ziwiri za waya mmodzi wopisidwa m'bowo la bawuti), n'kutseka loko, n'kukoka kamutuko, pulayala yonse imazungulira yokha m'malere ndipo mawayawo amapotana mofanana kuyambira pabawuti mpaka pakamwa pa pulayala. Ndagwirapo ntchito ndi mitundu itatu ya chida chimenechi: yotchipa yopanda dzina lodziwika ya mainchesi 9, ya kampani ya ku America ya Milbar ya mainchesi 6 imene imapota mbali zonse ziwiri, ndi ina yabwino ya mainchesi 9 yopota mbali imodzi. Maganizo anga ndi akuti chimene chimasiyanitsa pulayala yabwino ndi yoipa ndi mano ake ndi loko wake, ndipo amene akufuna kugula imodzi yokha agule ya mainchesi 6 yopota mbali zonse ziwiri, ya mano osatema waya.

Ndiyambe ndi mano, chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse. Waya wogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi wa muyezo wa MS20995C32, kutanthauza waya wachitsulo chosachita dzimbiri wonenepa mainchesi 0.032, amene ali pafupifupi mamilimita 0.8. Ndi waya wofewetsedwa dala kuti azipindika mosavuta, koma chitsulo cha mtundu umenewu chimauma chikamapindidwa, moti waya akapotedwa amakhala atalimba kale ndipo sapirira chilonda. Pulayala yotchipa imene ndinagwiritsa ntchito ili ndi mano akuthwa opingasa ngati a pulayala yogwirira manati, ndipo ikaluma waya imasiya timabala tooneka ndi maso. Ngati timabalato tagwera pa mbali ya waya imene mudzadule n'kutaya, palibe vuto. Koma pa ntchito yeniyeni makaniko amaluma waya pafupi ndi bowo la bawuti yachiwiri, ndipo akalakwitsa kuyeza ndi pang'ono pokha, malo olumidwawo amatsalira pa waya amene akhale pa injini kwa maola ambiri akunjenjemera. Waya amadukira pomwepo, pa kabala kamene maso a woyendera ntchito akhoza kukaphonya. N'chifukwa chake buku la malangizo la bungwe loyang'anira za ndege ku America la FAA, lotchedwa AC 43.13-1B, limene linatuluka mu 1998, limanenetsa kuti waya asakhale ndi mabala kapena mopindika mwadzidzidzi, ndiponso kuti waya amene wagwirapo ntchito asabwezeretsedwenso.

Pulayala ya Milbar imene ndikunena, ya nambala 25W, ili ndi kamwa lopindikapindika ngati mafunde, limene kampaniyo imalitcha Tigerwave. M'malo moboola waya ndi nsonga za mano, kamwa limeneli limamupinda pang'ono pakati pa mafundewo ndipo amagwirika chifukwa cha kupindikako. Mukamasula loko n'kuyang'ana waya pa kuwala, mumaona kuti wangokhota pang'ono koma khungu lake ndi losalala. Ena amadandaula kuti kamwa lotere limaterereka waya akakhala ndi oyilo, ndipo n'zoona kuti limafuna waya wouma komanso kuti mawaya onse awiri alowe bwino m'kamwamo, osati kunsonga kwenikweni. Kwa ine zimenezi si zodandaulitsa, chifukwa kupukuta waya ndi kansalu kumatenga kanthawi kochepa kwambiri poyerekeza ndi kudula ntchito yonse n'kuyambiranso chifukwa cha bala limodzi. Amisiri ena amene ali ndi pulayala ya mano akuthwa amawapala ndi tupa kapena kuwakulunga ndi tepi, ndipo njira imeneyi imathandizadi, koma ikapitirira muyezo pulayala imaleka kugwira waya wowonda wa mainchesi 0.020.

Loko ndi chinthu chachiwiri chimene ndimayang'ana, ndipo apa m'pamene pulayala yotchipa inandikhumudwitsa kwambiri. Kuti muitseke pamafunika manja awiri, lina lofinya zogwirira, lina lokankha loko, pamene pa ntchito dzanja limodzi limakhala litagwira waya kuti asatuluke pamalo pake mozungulira mutu wa bawuti. Choipa koposa n'chakuti lokoyo amatha kutseguka yekha pulayala ili mkati mozungulira, ndipo ikatero imasiya waya n'kugwera pa chilichonse chimene chili pansi pake, kaya ndi payipi ya mafuta kaya ndi penti ya ndege ya mwini wake. Pa pulayala ziwiri zabwino zija, loko amatsekeka ndi chala chachikulu cha dzanja lomwelo limene lagwira pulayala, ndipo amatseguka mukangofinya zogwirira pang'ono. Munthu amene sanagwirepo ntchito atagona chagada pansi pa injini, dzanja limodzi lokha litalowa pakati pa mapayipi, angaone ngati kusiyana kumeneku n'kochepa, koma ndi kumene kumachititsa kuti ntchito ya mphindi zisanu isasanduke ya theka la ola.

Tsopano ndinene za kupota mbali zonse ziwiri, chifukwa ambiri amafunsa ngati n'koyenera kulipira ndalama zowonjezera pa zimenezi. Pomanga mabawuti awiri, waya mmodzi amadutsa m'bowo ndipo winayo amazungulira mutu wa bawuti, kenako awiriwo amapotana kupita ku bawuti yotsatira. Mbali imene mwapotera ndi imene imachititsa kuti waya wozungulira mutu uja akanikizike pansi n'kukhala pamalo pake, kapena atukuke n'kudumpha pamwamba pa mutuwo, ndipo akadumpha, waya yense amakhwefuka ndipo bawuti imakhala yosatetezedwa ngakhale kuti ikuoneka yomangidwa. Pa chifukwa chimenechi, kawirikawiri kuchokera pa bawuti yoyamba kupita pa yachiwiri timapotera kumanja, ndipo kuchokera pa yachiwiri kupita pa yachitatu, kapena popanga kamchira komaliza, timapotera kumanzere. Pulayala yopota mbali imodzi imagwira theka la ntchitoyi, ndipo theka linalo mumatseka loko n'kumaitembenuza ndi dzanja. Pa kamchira kakafupi zimenezi sizivuta, koma pa mtunda wa mainchesi atatu kapena anayi pakati pa mabawuti, kupota ndi dzanja m'malo opanikizika kumatulutsa mapotedwe osafanana, kwina othithikana kwina otayana. Pa pulayala yopota mbali zonse mumangosintha pa kachitsulo kake kosinthira n'kukoka monga mwa nthawi zonse. Kwa munthu amene akungomanga bawuti yotulutsira oyilo pa njinga yamoto kamodzi pa miyezi ingapo, ya mbali imodzi ndi yokwanira. Kwa amene akumanga mabawuti a disiki ya buleki pa galimoto yampikisano, kapena akugwira ntchito pa injini ya ndege ya Lycoming kapena ya Continental, ndalama zowonjezerazo zimabwerera msanga.

Pali chinthu chimodzi chimene pulayala iliyonse, yodula kapena yotchipa, singakuchitireni, ndicho kudziwa nthawi yolekera. Buku la FAA lija limanena kuti pa inchi iliyonse pazikhala mapotedwe 6 mpaka 8, ngakhale kuti buku la kampani imene inapanga ndegeyo kapena injiniyo likanena zina, mumatsatira limenelo. Amene anapotapo chingwe cha khonje amadziwa kuti chikachepa mapotedwe chimakhala cholobodoka, ndipo chikachuluka chimayamba kupindana chokha n'kufooka, ndipo waya amachitanso chimodzimodzi. Apa pulayala yabwino ikhoza kupusitsa wophunzira, chifukwa imazungulira mofewa kwambiri moti amangokokabe mpaka waya atauma n'kuthetheka pafupi ndi bowo. Ya mainchesi 9, popeza ndi yolemera ndipo kachitsulo kake kokoka n'kakatali, imazungulira kambiri pa kukoka kumodzi ndipo imapitirira muyezo mosavuta pa waya wowonda. Ya mainchesi 6 imakupatsani mpata womva m'dzanja kuti waya wayamba kulimba, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ndimaikondera.

Sindikunena kuti ya mainchesi 9 ilibe ntchito. Pa waya wonenepa wa mainchesi 0.041, amene amamangira mabawuti a pulopela pa ndege zing'onozing'ono zambiri, pulayala yaifupi imatopetsa dzanja, potseka loko ndi podula pomwe, ndipo yaitali imagwira ntchitoyi mopepuka chifukwa zogwirira zake zimakupatsani mphamvu. Koma mukafika pa sefa ya oyilo kumbuyo kwa injini ya ndege yaing'ono ya Cessna 172, pamene pali mapayipi, mawaya amagetsi ndi zitsulo zogwira injini, pulayala yaitali imasowa malo ozungulira ndipo imagunda uku ndi uku. Popeza ntchito zambiri zimachitika ndi waya wa 0.032 m'malo opanikizika otere, yaifupi ndiyo iyenera kuyamba kulowa m'bokosi la zida, ndipo yaitali idzabwere pambuyo ntchito ya pulopela kapena ya mawilo ikachuluka.

Za sipuling'i yobweza kachitsulo kokoka sindinena zambiri. Mapulayala ena kachitsuloko kamabwerera kokha mukakasiya, ena mumakakankha ndi dzanja. Kobwerera kokha kamafulumizitsa ntchito, malinga ngati mwagwira pulayala pamene kakubwerera, ndipo amene anazolowera kokankha ndi dzanja sataya kanthu kwenikweni.

Chodulira chili ndi nkhani yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Pulayala iliyonse ya mtundu umenewu ili ndi mpeni wodulira waya kuseri kwa mano, ndipo pa yotchipa ija mipeni iwiriyo siikumana bwino, moti imatafuna waya m'malo momudula, ndipo patapita nthawi yochepa inayamba kuoneka timipata pamene waya anaidya. Waya wotafunidwa amakhala ndi nsonga yophwanyika imene imakana kulowa m'bowo laling'ono la bawuti. Ya Milbar imadula kamodzi n'kamodzi, ndipo kuwonjezera apo ili ndi kamphira pakhosi pake kamene kamagwira kachidutswa kodulidwako kuti kasadumphe. Kamphira kameneka ndimakaona kuti n'kofunika kwambiri pa ndege, chifukwa kachidutswa ka waya kakagwera m'malo olowera mpweya ku injini, kapena pakati pa zingwe zowongolera ndege, kapena pa zolumikizira magetsi, ntchito imaima mpaka kapezeke, ndipo kakapanda kupezeka kakhoza kuwononga zinthu za ndalama zambiri kapena kuika miyoyo pangozi. Kamatetezanso maso a makaniko, ngakhale kuti magalasi otetezera maso ayenera kuvalidwabe, popeza nsonga za waya wautali zimakwapula uku ndi uku pamene mukumupisa m'bowo. Mphira umatha ndi nthawi, makamaka ukamakhudzana ndi mafuta, choncho ndi bwino kumauyang'ana ndi kusadalira kuti ugwira chidutswa chilichonse.

Ngakhale mutagula pulayala yabwino chotani, simudzamaliza nayo ntchito yokha. Pamafunikabe kapulayala kodulira kakang'ono kofika pamene mpeni wa yopotera sungafike, makamaka pochotsa waya wakale, amene ayenera kudulidwa pafupi ndi bowo osati kumuzula mokakamiza. Pamafunikanso pulayala ya mlomo wophwatalala wosalala, yotchedwa duckbill, yokokera waya kuti akungike asanapotedwe ndiponso yopindira kamchira komaliza. Kamchirako, malinga ndi buku lija, kazikhala kotalika kota mpaka theka la inchi, kokhala ndi mapotedwe 3 mpaka 6, ndipo kapindidwire mkati kuti kasabaye dzanja la munthu amene adzagwire pamenepo pambuyo panu. Ndimaona kuti kamchira kosiyidwa chilili ndi chizindikiro cha mmisiri wosaganizira anzake, ndipo palibe pulayala imene ingakonze khalidwe limenelo.

Malamulo ena a ntchitoyi amakhudza kasankhidwe ka chida mwachindunji. Mabawuti otalikirana samangidwa oposa atatu pa waya mmodzi, ndipo oyandikana amalekezera pa chiwerengero chimene waya wa mainchesi 24 angakwanitse, kotero simudzafunika kupota mtunda wautali kwambiri umene ungafune pulayala yaikulu. Bawuti siyenera kumangidwa mopitirira muyezo kapena kubwezedwa m'mbuyo pofuna kuti bowo lake liloze kumene mukufuna. Komanso pali malo amene pulayala imeneyi ndi waya wachitsulo siziyenera kufikako n'komwe, monga pa zogwirira ndi maswichi a pangozi ndi pa zozimitsira moto, pamene amamanga ndi waya wowonda wamkuwa amene woyendetsa ndege akhoza kumudula ndi dzanja nthawi ya ngozi. Kuika waya wachitsulo pamalo otere ndi kulakwa koopsa, chifukwa chinthu chimene chimayenera kutseguka mwamsanga chimakhala chomangika.

Kwa eni njinga zamoto ndi magalimoto, nkhani imasiyana pang'ono. Mabawuti a ndege ofunika waya amabwera obooledwa kale, ndipo pa mabawuti a muyezo wa ku America wotchedwa AN chilembo cha H pa nambala yake chimasonyeza kuti mutu uli ndi bowo, koma a njinga yamoto nthawi zambiri mumaboola nokha ndi kachiboolero ka pafupifupi mamilimita 1.5, kamene kamathyoka mosavuta ngati mulibe chogwirira bawuti chowongolera kachibooleroko. Mabungwe ambiri oyendetsa mipikisano ya njinga zamoto amalamula kuti bawuti yotulutsira oyilo, chitsekero chothirira oyilo ndi sefa ya oyilo zimangidwe ndi waya, chifukwa oyilo akatayikira pamsewu wa mpikisano amagwetsa onse obwera m'mbuyo. Munthu amene ntchito yake ndi yokhayi akhoza kuyamba ndi pulayala yotchipa, akaipala mano ndi kuyesa loko wake, ndipo sindingamunene kuti wawononga ndalama. Chimene sindingavomereze ndi kumanga ndi waya wamba womangira mpanda kapena waya wamagetsi, chifukwa woyambayo amachita dzimbiri n'kuduka ndipo winayo amatamuka. Waya woyenera amagulitsidwa m'kachitini ka paundi imodzi, ndipo wa 0.032 amakhala wotalika mamita oposa 100, okwanira galaja yaing'ono kwa nthawi yaitali. Pa malo otentha kwambiri monga pafupi ndi ekizozi pali waya wa chitsulo chopirira kutentha chotchedwa Inconel, amene pa nambala yake pamakhala chilembo cha N m'malo mwa C, ndipo popeza ndi wolimbirapo, pulayala ya mipeni yofooka imavutika naye.

Mtengo wa pulayala ya Milbar umaposa wa yotchipa kangapo, ndipo mapulayala a makampani ena odziwika monga Stahlwille ya ku Germany, Facom ya ku France ndi Snap-on ya ku America nawonso ndi okwera mtengo. Kwa wowerenga wa ku Malawi kapena ku Zambia pamawonjezereka ndalama zotumizira ndi msonkho, popeza chida chotere sichipezeka mwachisawawa m'mashopu a zida zomangira, ndipo nthawi zambiri chimayenera kuitanitsidwa ku South Africa kapena kutali kuposa apo. Chifukwa cha zimenezi ndimalangiza kuti poitanitsa muwerenge bwino nambala ya pulayalayo, chifukwa kampani imodzi imapanga mitundu yofanana maonekedwe koma yosiyana kutalika, mano ndi mbali yopotera, ndipo chithunzi cha pa intaneti sichisonyeza kusiyana kumeneku. Muitanitsirenso limodzi waya wa miyezo imene mukufuna, kuti musalipire ulendo kawiri.

Ena angafunse za safety cable, chingwe chachitsulo chopotedwa kale chimene chimamangidwa ndi kachitsulo kofinyidwa kumapeto, monga Safe-T-Cable ya kampani ya Daniels Manufacturing Corporation. Njira imeneyi ndi yachangu ndipo zotsatira zake zimafanana nthawi zonse, koma chida chake ndi chodula kwambiri, chingwe chilichonse chimagulidwa pachokha, ndipo pa ndege imagwiritsidwa ntchito pokhapokha pamene buku la wopanga lalola. Galaja yaing'ono ndiponso wophunzira umakaniko wa ndege adzafunikabe pulayala ndi waya.

Pulayala ikafika m'manja mwanu, muiyese musanaiyandikize ku injini. Itsekeni n'kuiyang'ana pa kuwala kuti muone ngati mano ndi mipeni zikukumana popanda mpata, kenako pindani waya wa 0.032 pa msomali wokhomedwa pa thabwa, mulume, mutseke loko ndi dzanja limodzi, mukoke, ndipo muone ngati ikuzungulira mowongoka popanda kugwedezeka. Mukamasula, yendetsani chikhadabo pamalo pamene inaluma, ndipo chikhadabocho chikakodwa, dziwani kuti waya watemedwa. Bwerezani ndi waya wa 0.020 kuti muone ngati sakupulumuka, ndiponso ndi wa 0.041 kuti muone ngati loko akutsekeka ndi mpeni ukudula kamodzi. Ikapambana pa mayeso amenewa, chimene imafuna kwa inu ndi kadontho ka oyilo wopepuka pa mazinga a kachitsulo kokoka ndi pa mfundo yake nthawi ndi nthawi, kuipukuta fumbi, ndi kusaibwereketsa kwa munthu amene akufuna kudulira misomali kapena mawaya a sipuling'i.